Injini talowetsa, nanga fani?

M'nyumba zambiri zomwe muli galimoto yakale, galimotoyo siwerengedwa ngati katundu. Imawerengedwa pamodzi ndi anthu. Ikakhosomola m'mawa aliyense amatchera khutu, ikagona ku galaja ndiwo zimachepa m'mbale. Kwathu ndi Nissan 1400, kapikapu koyera komwe malemu adadi anabwera nako kuchokera ku Joni ine ndili ku pulayimale. Timapikapu timeneti ankatipanga ku Rosslyn, kufupi ndi Pretoria, mpaka mu 2008 pomwe anatisiya n'kubweretsa NP200. Ndiye kuti ngakhale kamene kanatuluka komaliza m'fakitale, lero ndi nkhalamba. Kathu ndi nkhalamba yoposa pamenepo.

Koma ndi kamene kanandiphunzitsa. Amayi amapikula tomato, kabichi ndi mbatatesi ku Lizulu n'kudzagulitsa ku Wakawaka, ndipo achimwene ndi amene amayendetsa. Fizi yanga ya ku koleji inachokera kumbuyo kwa kapikapu kameneka, dengu ndi dengu, ndipo pano kakusenza ya mng'ono wanga amene ali Fomu 3. Choncho injini yake, A14 ya malita 1.4, itanoka kachitatu, panalibe amene ananena zoti tingokasiya pansi pa mtengo wa mango kasanduke khola la nkhuku. Amakaniko anati kuikonzanso n'kutaya ndalama, bola kuikamo 4A-FE ya Toyota Corolla, ya malita 1.6, poti masipeya ake amapezeka paliponse, kuyambira ku Biwi mpaka ku Ndirande. Amayi anakatenga ngongole ku banki m'khonde. Amene mumaidziwa banki m'khonde mukudziwa kuti chiwongoladzanja chake sichidikira kuti galimoto ituluke ku galaja.

Za ntchito yolowetsa injiniyo sindichulutsa gaga m'diwa. Inatenga masabata asanu. Panafunika giyabokosi ina, zitsulo zokhazikapo injini zowotcherera mwatsopano, mawaya a kompyuta, pampu ya mafuta, komanso mapepala poti nambala ya injini inasintha. Tsiku lomwe inalira koyamba amayi analulutira m'galaja momwemo, anyamata othandizira n'kumaomba m'manja. Achimwene okha anangoti duu atasuzumira pakati pa rediyeta ndi injini.

“Bwana, nanga fani ili kuti?”

“Aaa, imeneyo ndi nkhani yaing'ono, tiona mawa. Tingopeza iliyonse ya magetsi, timange dayilekiti basi.”

Mawu akuti “iliyonse” ndi amene anandilowetsa m'nkhaniyi. Madzulo ake amayi anandipatsa udindo ali pa mkeka akuwerenga ndalama zotsala: “Iwe unapita kusukulu, komanso foni yakoyo siichoka m'manja. Tafufuza, tisataye injini chifukwa cha kachinthu kakang'ono.” Digiri yanga ndi ya zolembalemba, sipanala sindinaigwirepo. Koma kuwerenga ndi kufunsa mafunso mpaka munthu atatopa nane, zimenezo ndimatha.

Choyamba ndinafuna kumvetsa chifukwa chake injini yonse yathunthu ingabwere yopanda fani. Nkhani yake ndi ya kakhalidwe. A14 inkakhala motalika, mphuno yake italoza kutsogolo, ndiye fani inkamangidwa pa pampu ya madzi n'kumazunguliridwa ndi lamba, maso ndi maso ndi rediyeta. Mu Corolla injini imakhala chopingasa chifukwa imayendetsa matayala akutsogolo, ndipo malamba ake amayang'ana m'mbali. Fani ya lamba pamenepo ingamapemerere tayala. N'chifukwa chake a Toyota anaika fani ya magetsi pa rediyeta penipeni, ndipo pa injinipo sanasiye malo omangapo ina. Ife tinatenga injiniyo n'kuitembenuza kuti ikhale motalika, koma fani yake inatsala mu Corolla yomwe inachokeramo, kaya ili kuti.

Pali anthu amene amanena kuti galimoto imayenda bwinobwino popanda fani, ndipo sakunama kwenikweni. Ukamathamanga pa M1 pa liwiro la makilomita 60 kapena 80 pa ola, mphepo imalowa yokha kutsogoloku n'kuziziritsa madzi. Fani imafunika pomwe mphepo yasowa: pa mdipiti wa magalimoto pa mlatho wa Lilongwe masana a mu Okutobala, pa mzere wa mafuta pomwe umasuntha mikono iwiri n'kuima, kapena pokwera Khwekhwelere kuchokera ku Golomoti uli mu giya 2 kumbuyo kutadzaza. Pamenepo injini ikupanga moto wambiri koma galimoto ikuyenda ngati ngolo. Ndipo malo amenewa ndi omwe kapikapu kathu kamakhalitsa.

Chomwe chimaopsa ndi ichi. Thupi la 4A-FE ndi lachitsulo koma hedi yake ndi ya aluminiyamu. Ikawiritsa kwambiri hediyo imapindika, gasiketi imapsa, madzi amasakanikirana ndi oyilo n'kukhala ngati tiyi wamkaka. Sizifuna maulendo khumi ayi. Kuwiritsa kumodzi kwamphamvu n'kokwanira kuti ngongole ya amayi ikhale ya injini yomwe yafa kale. Kuno ku Lilongwe tili pamtunda wa mamita oposa 1,000, ndiye madzi a mumphika amawira asanafike n'komwe pa madigiri 100, cha m'ma 96 kapena 97. Chimene chimawaletsa kuwira mu injini ndi chivundikiro cha rediyeta, chomwe chimasunga mphamvu ya mpweya m'katimo. Cha 0.9 bar chimakankhira kuwirako kupitirira madigiri 115. Titayang'ana chathu tinapeza kuti labala yake inauma kalekale ngati chikopa cha ng'oma, moti chinthu choyamba kugula pa ntchito ya fani sichinali fani. Chinali chivundikiro.

Kenako ndinatenga tepi ya amayi yosokera, ija yoyezera m'chiuno, n'kupita nayo ku galaja. Anyamata anaseka, koma masentimita ndi omwewo. Zisa za rediyeta, pomwe pamadutsa mphepo, zinali masentimita 40 m'litali ndi 33 m'lifupi. Kuchokera pa rediyeta kufika pa pulley ya pampu ya madzi panali masentimita 7 okha. Manambala atatu amenewa ndinawasunga mu foni, ndipo ndi amene anandipulumutsa ku malilime okoma a ogulitsa. Munthu akamati “iyi ndiye yeniyeni, asisi,” ine ndinkangotulutsa tepi.

M'masitolo a masipeya mafani omwe adzaza ndi aja atsopano a m'katoni, opyapyala, akuda, olembedwa kuti amakwana pa galimoto iliyonse. Amawayeza m'mainchesi: 10, 12, 14, 16. Ya mainchesi 12 ndi masentimita 30 ndi theka, ndiye inali yokhayo yaikulu yomwe ikanakwana pa zisa zathu. Pa katoni pamalembedwa nambala yaikulu ya CFM, yomwe ndi muyezo wa kuchuluka kwa mphepo yomwe fani imakankha pa mphindi imodzi. Nambala imeneyo ine sindiikhulupirira kwambiri. Kawirikawiri imakhala ya fani ikuzungulira pa mtetete, popanda chotchinga. Ukaiika kuseri kwa rediyeta yokhala ndi fumbi la ku Mitundu ndi agulugufe ouma, mphepo imatsika kwambiri, makamaka ngati mota yake ndi yofooka. Nambala yomwe imanena zoona pang'ono ndi ya mawati. Yomwe ankandikakamiza inalembedwa 80W. Ukagawa 80 ndi mavoti 12 a batire umapeza kuti imakoka ma amp osafika 7. Samu ya Fomu 2 imeneyo. Mota yodya pang'ono chonchi singagwire ntchito ya mota yodya kawiri kuposa pamenepo, kaya katoni yake ikongole bwanji.

Kulinso mafani apamwamba ngati a SPAL a ku Italy, omwe anthu okonda magalimoto othamanga ku South Africa amawatama. Nditamva mtengo wake, kuphatikiza woitanitsa, ndinangotseka foni n'kumwa madzi.

Ndiye tinatsala ndi akaunjika, ochotsedwa m'magalimoto ophwasulidwa. Apa maganizo anga ndi akuti fani yakale yomwe inatuluka ndi galimoto m'fakitale imaposa yatsopano yotchipa, bola uisankhe ndi manja ako. Inapangidwa kuti izigwira ntchito zaka zambiri kuseri kwa rediyeta, ndipo mota yake imalemera ukainyamula. Achimwene ananyamula batire pa kabaza, tinazungulira nalo malo anayi. Fani iliyonse ankaizungulitsa ndi chala kuti amve ngati ikukhula, ankaigwedeza pakati kuti aone ngati yatha mabeyaring'i, ankayang'ana mapiko ngati ali ndi ming'alu, kenako n'kuilumikiza ku batire kwa mphindi zingapo. Ina inayamba bwino koma itatentha inayamba kulira ngati mwana wa mbuzi. Ina inanunkha waya wopsa. Yachinayi, ya Denso yochokera mu Toyota yaing'ono, inangoti fuu, mpaka inaulutsa lisiti pa tebulo la wogulitsa. Tinaiyerekeza ndi ya 80W ija pa rediyeta imodzi yomwe inali pansi pomwepo, nyuzipepala kutsogolo. Ya m'katoni inagwira pepalalo monyinyirika. Ya kaunjika inalimata kuti phaa.

Vuto lake linali kunenepa. Mota yake pamodzi ndi mapiko zinkafuna masentimita pafupifupi 9, ife tili ndi 7. Amakaniko anati tingoiika kutsogolo kwa rediyeta, kuseri kwa grill, komwe malo analipo ambiri, izikankha mphepo m'malo mokoka. Zimatheka ndithu, ndipo magalimoto ena okhala ndi AC ali ndi fani yothandizira kutsogoloko. Koma fani yokoka, yokhala kumbali ya injini, imagwira ntchito bwino kuposa yokankha, ndipo yakutsogolo imatchinga mphepo yaulere ija ya pa M1. Chinanso, yathuyi inapangidwa kuti izikoka. Anthu ambiri amaganiza kuti ukasinthanitsa mawaya awiri basi yasanduka yokankha. Imazunguliradi chobwerera, koma mapiko ake anapindidwa kuti azitunga mphepo mbali imodzi, ngati chipande. Tayesani kuomola nsima ndi kumsana kwa chipande muone. Mafani ena a m'katoni amalola kuti utembenuze mapikowo pamodzi ndi mawaya, koma yathu siinali ya mtundu umenewo.

Chomwe tinachita n'kusunthira rediyeta kutsogolo ndi masentimita awiri, n'kuika faniyo chakumbali pang'ono kuti mota yake isayang'anizane ndi pulley. Pakati pa mota ndi chilichonse chozungulira pa injini tinasiya mpata wolowa chala chachikulu cha achimwene momasuka. Injini siima chilili. Imagwedezeka pa malabala ake ukamaponda mafuta kapena ukagwera mu dzenje, ndipo maenje m'misewu yathu sasowa. Mpata womwe ukuoneka wokwanira galimoto ili phee m'galaja umatha kutsekeka pa bampu imodzi.

Gawo lomwe ndinalikonda kwambiri ndi la shroud, chija chimakhala ngati beseni chophimba kumbuyo kwa rediyeta, chokhala ndi bowo lomwe fani imazunguliramo. Anthu ambiri amachitaya poganiza kuti n'chokongoletsa. Ndinachita kasamu kena: bwalo la fani ya masentimita 30 ndi theka limaphimba ma sikweya sentimita pafupifupi 730, pomwe zisa zathu ndi 1,320. Ndiye kuti popanda shroud, fani imakoka mphepo pa theka lokha ndi kachidutswa, ngodya zonse zinayi zili pa tchuthi. Choipa china, mphepo ndi yaulesi, imadzera njira yofewa. Fani ikakhala patali ndi zisa popanda chotchinga m'mbali, imangokoka mpweya wotentha wa m'boneti momwemo n'kumauzunguza, osadutsitsa mu rediyeta.

Shroud yomwe inabwera ndi faniyo inali yaikulu, sinkakwana. Amene anatipangira ina si makaniko ayi, ndi bambo wina wokhoma ndowa ndi mbaula kumsika. Tinamutengera katoni yomwe tinadula molingana ndi rediyeta, bowo litajambulidwa ndi makala. Anaiyang'ana, n'kufunsa funso limodzi lokha: “Kuya kwake?” Tinati masentimita awiri, kuti mphepo ya m'ngodya izipeza njira yofikira pa bowo. Mawa lake tinapeza chinthu chooneka ngati thireyi ya mabanzi, chopindidwa bwino m'mphepete kuti chisacheke munthu. M'ngodya ziwiri zakutali ndi fani tinaboola mazenera n'kupachikapo tizidutswa ta chubu cha tayala. Galimoto ikamathamanga mphepo imatikankha n'kutuluka, ikaima fani n'kuyamba kukoka timatsekeka tokha. Nzeru imeneyi si yathu, ma shroud ambiri a m'fakitale ali ndi timalabala totere. M'mphepete monse tinamatamo siponji kuti pasakhale podzera mphepo yakuba.

Pomanga, mnyamata wina wa pa galaja anatulutsa timapulasitiki tija timabwera ndi mafani a m'katoni, tobaya kudutsa m'zisa za rediyeta n'kumangirira faniyo pomwepo. Achimwene anakana ndisanatsegule n'komwe pakamwa. Timapaipi ta m'zisa n'topyapyala kwambiri. Ukapachikapo mota yolemera n'kuyenda nayo pa msewu wa fumbi wopita ku minda ya tomato, kagwedezedwe kalikonse kamakhala ngati tupa, mpaka tsiku lina madzi ayamba kudontha. Shroud yathu inamangidwa ndi mabawuti anayi pa zitsulo za m'mbali mwa rediyeta, pakati pali timalabala.

Mkangano weniweni unabuka pa mawaya, ndipo unafika mpaka pa nsima. Amakaniko ankafuna dayilekiti: ukatembenuza kiyi fani yayamba, ukazimitsa yaima. Amalume, omwe anayendetsa malole zaka zambiri mpaka ku Beira ndi ku Dar es Salaam, ankafuna swichi ya pa dashibodi. “Dalaivala weniweni amaimva injini m'thupi, mphwanga. Geji ikakwera wayatsa, ikatsika wazimitsa. Zamakompyuta zanuzi zimafa osatsanzika.” Ine ndinkafuna fani yodziyatsa yokha madzi akatentha.

Dayilekiti sindiinyoza. Ndi njira ya munthu amene anaonapo injini zambiri zikufa ndipo safuna kudzatukwanidwa. Koma fani yozungulira tsiku lonse imadya makala a m'mota mwachangu, imalimbirana moto ndi sitata m'mawa pomwe batire lili lofooka kale, ndipo umazolowera phokoso lake moti tsiku lomwe yasiya suzindikira msanga. Ya amalume ndiyo inkandiopsa zedi. Amalume amaimvadi injini m'thupi, koma kapikapu sayendetsa ndi iwo. Achimwene akakhala pa mzere wa mafuta amatuluka kukacheza injini ikulira. Masiku ena amayendetsa msuweni wathu, amene maso ake amakhala pa WhatsApp. Injini ya ngongole kuisiya m'manja mwa chikumbumtima cha munthu wotopa amene wadzuka 3 koloko m'bandakucha, ine ndinakana.

Pa nsima pomwepo panatulukanso nkhani ina: amakaniko anali atachotsamo thermostat. Ndi mwambo wa m'magalaja ambiri kuno, amati zimenezo n'za kumayiko ozizira. Thermostat ndi kachitseko komwe kamatsekera madzi mu injini mpaka atenthe, ndipo ka 4A-FE kamayamba kutseguka cha pa madigiri 82. Ukakachotsa, n'kuonjezera fani ya dayilekiti, injini imachedwa kutentha, ndipo m'mawa wa mu Juni ku Dedza mwina siifika n'komwe pomwe imayenera kufika. A14 inali ya kabuleta, sinkadziwa kanthu. Koma 4A-FE ili ndi kompyuta yomwe imayeza kutentha kwa madzi, ndipo ikaona kuti injini ikadali yozizira imathira petulo wochuluka. Nditafotokoza zimenezi sindinapambane chifukwa cha sayansi. Amayi anangomva mawu akuti “petulo wochuluka” n'kuika chipande pansi. “Kabwezeretseni kachitsekoko mawa.” Mlandu unathera pomwepo.

Wa mawaya amene tinamupeza ndi mdala wina wosalankhulalankhula, amene amasunga ma relay m'chitini cha mkaka wa ana. Nditayamba kumuuza zomwe ndinawerenga, zoti tigule swichi yoyatsa fani madzi akatentha, anangoloza pa injini. Swichiyo inalipo kale, inabwera ndi injini, pulagi yake ikungolendewera. Anaimasula, n'kuitanitsa mbaula ndi kapoto kwa mayi wogulitsa chimanga chootcha pafupi pomwepo. Analumikiza swichiyo ndi batire ndi kababu, n'kuviika mutu wake m'madzi ozizira. Babu linayaka.

“Ndiye kuti ndi yakufa?” ndinafunsa, poti ndinkayembekezera kuti liyake madzi akatentha.

“Dikirani, achemwali.”

Tinadikira. Madzi anayamba kulira, timathovu tikukwera, ndipo atangotsala pang'ono kubwadamuka babu linazima. Anaphula kapoto. Patapita mphindi zingapo, madzi atazizirako, linayakanso. Swichi ya Toyota ya nthawi imeneyo imagwira ntchito chobwerera: imalumikiza moto madzi akakhala ozizira, n'kudula akafika cha pa madigiri 93, kenako n'kulumikizanso akatsika cha pa 83. Poti madzi a ku Lilongwe amawira cha pa 96, mbaula yokha inatiuza kuti swichiyo ili moyo popanda choyezera kutentha.

Chifukwa chomwe anaipangira chonchi n'chimene chinandigometsa. Moto wodutsa mu swichiyo ntchito yake ndi kugwira fani kuti isazungulire. Ukaduka, fani imamasuka n'kuyamba. Ndiye waya wa swichi akaduka m'njira, kapena pulagi ikazuka pa bampu, fani imangozungulira osaima m'malo mofa mwakachetechete. Chinthu chikaonongeka, chimaonongekera mbali yoteteza injini. Koma pali msampha wake. Munthu wosadziwa akailumikiza ku relay wamba ya miyendo inayi, fani imazungulira injini ili yozizira, n'kuima nthawi yomwe yatentha. Mdalayo anati magalimoto otero anawalandirapo angapo, eni ake akudabwa kuti fani imamveka m'mawa uliwonse koma galimoto ikuwiritsabe.

Kwa amene simunaionepo, relay ndi kabokosi kakang'ono ngati ka machesi komwe kamalola moto wochepa kulamula moto wambiri, kuti ma amp onse a fani asadutse mu kiyi kapena mu kaswichi kosalimba. Miyendo yake ili ndi manambala. 85 ndi 86 ndi ya moto wolamula, 30 ndi polowera moto wamphamvu, 87 ndi potulukira relay ikapatsidwa moto, ndipo pa ya miyendo isanu pali 87a, potulukira ikakhala kuti sinapatsidwe. Fani yathu inalumikizidwa pa 87a. Koma zikanathera pomwepo, ukazimitsa galimoto relay imasowa moto, fani n'kuzungulira usiku wonse mpaka batire kuuma. Ndiye anaika ma relay awiri: yoyamba imatsegula njira pokhapokha kiyi akatembenuzidwa, yachiwiri ndi yomvera swichi ya madzi. Kuchokera ku batire anakoka waya wonenepa wa 4 mm, ndi fyuzi ya ma amp 30 pafupi penipeni ndi batirelo. Fyuzi imaposa zomwe fani imadya poyenda chifukwa mota ikamadzuka imakoka moto wochuluka kwa kanthawi kochepa. Ndipo imakhala kufupi ndi batire kuti waya akakhudza chitsulo paliponse m'njira, ipse ndi fyuzi osati galimoto. Waya wa ethi anamumanga pa chitsulo chomwe anachipala penti mpaka kuwala. Polumikiza paliponse anaotcha ndi mtovu, palibe pomwe anangopota ndi mano n'kukulunga tepi.

Poyesa tinathira madzi osakaniza ndi coolant, osati a pa mjigo okhaokha, omwe amasiya dzimbiri ndi miyala m'timapaipi. Tinasiya injini ikulira chivundikiro chili chotsegula mpaka mpweya wonse unatuluka, kenako tinatseka n'kudikira. Kudikira fani kuti iyambe yokha koyamba kumatalika ngati kudikira zotsatira za mayeso. Muvi wa geji unakwera, unafika pakati, paipi yam'mwamba inatentha moti sungaigwire. Amalume anali atayamba kale kupukusa mutu. Kenako tinamva kuti tha, fani n'kuyamba. Achimwene anaika jumbo kutsogolo kwa grill ndipo inamatirira, kusonyeza kuti mphepo ikulowera koyenera. Anaisunthira m'ngodya, inamatirirabe. Pasanathe mphindi ziwiri fani inaima yokha. Tinaisiya ichite zimenezi kanayi, mdala uja akuyeza batire nyali zonse zili zoyaka, ndipo silinatsike pa mavoti 13 ndi theka. Asanatseke boneti anauza anyamata onse kuti fani yotereyi siichenjeza, imatha kudzuka nthawi iliyonse kiyi ali pa on, ndiye zala ndi malaya zizikhala kutali.

Mwezi woyamba achimwene ankanditumizira chithunzi cha geji pa WhatsApp kulikonse komwe aima: pa Linthipe, pa Bunda Turn Off, pa mzere wa mafuta womwe anakhalapo maola atatu dzuwa lili pamutu. Muvi unali pamalo amodzimodzi pa zithunzi zonse, moti ndinayamba kuwanena kuti akungotumiza chimodzi chomwecho. Ngongole ya amayi yatsala miyezi iwiri.

Amalume nawo swichi yawo anaipeza. Mdala wa mawaya atamva za mkangano wathu anaseka koyamba tsiku limenelo, n'kunena kuti pa dongosolo la Toyota zimenezo n'zosavuta. Anadula waya wopita ku swichi ya madzi n'kuikapo kaswichi ka pa dashibodi. Ukakadina kamadula moto uja, fani n'kuyamba pompo ngakhale injini isanatenthe. Kuyatsa kamatha, koma kuzimitsa fani yomwe yayamba chifukwa cha kutentha sikangathe. Achimwene akuti akagwiritsa ntchito kawiri kokha, ulendo wonse uwiri ali m'munsi mwa Khwekhwelere ndi katundu wa ku Golomoti, asanayambe kukwera. Amalume akakwera kutsogolo amakadina tikangotuluka pa geti, ndipo palibe amene amawaletsa.